Aja a agalu aja

Funso loyamba la eni nyumba ku Nchalo limakhala la ana. "Muli ndi ana angati?" Ukati atatu, maso awo amapita kuchimbudzi, akuwerengera chamumtima kuti chidzadza liti. Lachiwiri ndi la ntchito: ngati uli wa ku kampani ya shuga amamasuka, poti tsiku la malipiro ako amalidziwa kuposa mkazi wako. Lachitatu safunsa, chifukwa palibe amene amaganiza kuti munthu wofuna chipinda cha miyezi iwiri angabwere ndi agalu. Ndiye ndinkaliyambitsa ndekha, titagwirizana kale za lendi, ndikukanda m'mutu ngati mwana woti waswa mbale.

"Pepani bambo, pali kanthu kena. Tili ndi agalu awiri."

Nkhope zomwe ndinaona pa mawu amenewa ndikhoza kuzijambula. Ena ankaseka poyesa nthabwala. Mayi wina anandibwezera m'manja ndalama ya adivansi yomwe anali atamanga kale pansonga ya chitenje. Bambo wina anandifunsa mwachifundo ndithu ngati madzi aja sanandisokoneze mutu.

Madziwo ndi a namondwe wa Ana, usiku wa pa 24 Januwale 2022. Nyumba yathu inali kumunsi kwa Nchalo, mbali ya kumtsinje, ya njerwa zowotcha koma zomangira dothi. Nyumba yotere imaoneka yolimba kufikira tsiku lomwe madzi aima m'khoma maola angapo: dothi la pakati limasungunuka, njerwa n'kumatsika imodzi imodzi ngati mano a nkhalamba. Pofika m'mawa panatsala khoma limodzi ndi felemu ya chitseko.

Anthu akamva kuti tinasamuka ndi agalu kwa miyezi 22, ambiri amandithandiza kupeza chifukwa. Amati, "Ndiye kuti ndi amene anakudzutsani usiku umenewo eti?" Ndikanakonda zikanakhala choncho, bwenzi nkhani yanga ili yosavuta. Anatidzutsa ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe amene ankamenya chidebe akukuwa. Mlekeni, galu wamkuluyo, ndinachita kumukoka mwendo pansi pa bedi pomwe anabisala akunjenjemera. Sikono anali kamwana ka miyezi inayi. Mwana wathu wamkazi anakaika m'beseni n'kusenza pamutu, ife tikuyenda m'madzi ofika m'chiuno. Beseni limenelo likanatha kunyamula ufa. Mayi a kunyumba amandikumbutsabe.

Ku msasa, pa sukulu ina yapulayimale, agalu sankaloledwa, ndipo sindinatsutse. M'kalasi imodzi munkagona amayi ndi ana osawerengeka, ena ali ndi makanda. Agaluwo ndinawamangirira patsinde pa mtengo wa nimu kuseri kwa bwalo la mpira. Chovuta chinali chakudya. Ufa wa chithandizo umabwera mowerengera mitu ya anthu, ndipo kuonedwa ukuponyera galu nsima pamene mzere wa anthu sunathe ndi chinthu choti mudzi sungakuiwalire. Ndinkadikira mdima, n'kupala nkhoko za m'miphika, kuzinyika m'madzi, n'kupita nazo kunimu kuja ngati wakuba. Alamu anga anandipeza komweko usiku wina. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, anthu ataya ng'ombe. Inu mukulimbana ndi agalu?"

Yankho ndinalibe, ndipo mpaka lero lomveka bwino ndilibe.

Tinali titaganiza kale zosabwerera kumunsi. Madzi a 2015 anatifika pakhonde, a Idai mu 2019 analowa m'nyumba, awa anaigwetsa. Wachinayi sitinafune kumuona. Tinapeza puloti kumtunda, cha ku Ngabu, kumadzulo kwa msewu wa M1, ndipo mmisiri anatilonjeza kuti miyezi itatu tilowa. Ndalama yoyambira inabwera m'njira yomwe ndimachita nayo manyazi pang'ono. Ine ndimakonza mafoni ndi kugulitsa tizipangizo ta sola. Namondwe wa Ana yemweyo anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima tsiku lonse. Aliyense ankafuna kasola ndi potchajira foni. Madzi omwe anandigwetsera nyumba ndi omwenso anandilipirira lendi.

Malo oyamba anali chipinda chimodzi m'nyumba ya mdadada: zitseko zisanu ndi chimodzi kuyang'ana bwalo limodzi, bafa limodzi, chingwe choyanikira chimodzi. Nyumba zoterezi ku Nchalo zinazolowera anthu osakhalitsa, makamaka odula nzimbe omwe amabwera nyengo yokolola n'kubwerera kwawo mvula ikayamba. Eni ake anavomera agalu atawonjezera K3,000 pa lendi, ati ya "chisokonezo".

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti galu sadziwa lendi. Ife tinkadziwa kuti malire athu ndi chitseko chachitatu ndi kakhonde kake. Mlekeni atangoona kuti mphasa yathu yayalidwa ndipo mphika wathu uli pamoto, anatenga bwalo lonse kukhala lake. Anayamba kuuwa anthu omwe akhala pamenepo zaka zisanu. Bambo wa chitseko choyamba, wobwera usiku kuchokera ku shifiti, ankachita kuima pamsewu n'kumaitana kuti ndidzamuperekeze kulowa m'nyumba yake yomwe. Dzina la galuyo linawonjezera moto. Munthu akatola mwala, ana anga ankakuwa kuti "Mlekeni! Mlekeni!" poitana galu, wotola mwalayo n'kumva ngati ana akumulamula. Dzinalo anapereka ndi malemu bambo anga, ndipo monga mwa maina a agalu akumudzi, linali mawu opita kwa munthu wina amene ankakangana naye za malire a munda. Mkangano unatha kalekale, dzina linatsala, likuyambitsa ina.

Chinatichotsa ndi nkhuku. Sikono, atakula pang'ono, anagwira thadzi la mayi wa chitseko chachisanu, thadzi loti linali ndi anapiye asanu ndi atatu. Ndinalipira thadzi. Kenako anandiwerengera anapiye, poti amasiye sakula. Kenako mazira omwe anapiyewo akanadzaikira. Pamenepo mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo a Chisomo, lipirani tizipita. Kwa eni kulibe mkuwe." Mwezi womwewo wa Meyi ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mtengo wa simenti n'kudumpha, ndipo miyezi itatu ya mmisiri ija inasanduka mawu ongolankhula.

Malo achiwiri tinawapeza mosavuta mpaka ndinakayika. Boyizi kota ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba yaikulu ya mpanda wa njerwa, eni ake bambo wa bizinesi ya magolosale. Nditatchula agalu, maso awo anawala. "Abweretseni! Akuba andivutitsa." Lendi anatsitsa okha.

Kunena zoona miyezi yoyamba tinapuma. Mpanda unali wotseka, munalibe nkhuku ya munthu, madzi anali a pampopi. Koma pang'onopang'ono ndinazindikira kuti amene anachita lendi pamenepo ndi agalu, ife tinali ongowaperekeza. Bambowo anamangitsa kanyumba ka malata pakona ya mpanda nalamula kuti agalu azitsekeredwa usana wonse, asamaone munthu, kuti usiku azikhala olusa. Ndi chikhulupiriro chofala, ndipo ena amafika pothira tsabola m'chakudya cha galu. Chomwe chimatuluka m'kanyumba kotero si mlonda, ndi galu wamantha amene amaluma aliyense, mwana wa pakhomo pomwepo ndiye woyamba.

M'miyezi yozizira ndinapirira. Koma amene anakhalako kuchigwa kuno mu Okutobala akudziwa. Kutentha kumapitirira madigiri 40, mphepo yake imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa, anthu amagona panja, ndipo phula la pa M1 limafewa. Galu satuluka thukuta ngati ife; amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu lilime lili panja, ndipo mpweya womwe akupumawo ukakhala wotentha ngati wa m'kanyumba ka malata, palibe chomwe chimazizira. Tsiku lina ndinabwera masana kudzatenga chida chomwe ndinaiwala, ndipo ndinapeza Sikono atagona cham'mbali, dovu lili kukamwa, miyendo ikukana kuima. Ndinathyola loko. Tinamuthira madzi a mumtsuko pamimba ndi m'mapazi, kumupepesa ndi chivundikiro cha ndowa mpaka anadzutsa mutu.

Madzulo ake bambo aja sanafunse za galu, anafunsa za loko. Kenako anati tithetse nkhani mwachimuna: andipatse K40,000, Mlekeni akhale wawo, ifeyo tikhale miyezi iwiri osalipira. Ndinali ndi ngongole ya matumba asanu ndi limodzi a simenti. Ndinapempha kuti ndigone nayo nkhaniyo, ndipo ndinagona nayodi, sindinama. Amene anaidula ndi mayi a kunyumba, omwe aja a beseni la ufa. Anati, "Mwana wanu anasenza galu pamutu m'madzi. Mukamuuza kuti chiyani?" Ndinawakumbutsa kuti wosenzedwayo ndi Sikono, wogulidwayo ndi Mlekeni. Anandiyang'ana mpaka ndinayamba kumanga katundu.

Masiku anayi otsatira tinagona pa resitihausi ina, tonse asanu m'chipinda chimodzi, agalu ali kuchigayo cha mnzanga komwe anadya madeya mpaka kukhuta koyamba m'chaka chimenecho. Za kumeneko palibe zambiri, kupatula kuti mlonda wa pachigayo anandilipiritsa ndalama ya fodya usiku uliwonse.

Kupita ku Ngabu kunali nkhani ina. Kondakitala wa minibasi amakweza mbuzi yomangidwa miyendo, nkhuku, thumba la mlamba wowamba, njinga, ngakhale chitseko, koma galu ayi. Katundu ndi ana zinapita pa lole ya mnzanga. Ine ndi agalu tinanyamuka wapansi tambala woyamba asanalire, kuti tikafike phula lisanayambe kuwotcha mapazi awo. Tinkapuma pa mjigo uliwonse. Madzi a mijigo ina kuno ndi amchere moti ngakhale galu waludzu amanunkhiza kaye n'kukuyang'ana.

Nyumba yachitatu inali ya agogo ena achisena, amasiye, kufupi ndi puloti yathu. Inali ya mwana wawo amene ali ku Joni, ya zipinda ziwiri, yopanda magetsi. Iwo anakana poyamba, ndipo anakana ndi chifukwa. Chuma chawo chonse chinali mbuzi khumi ndi imodzi. Kuchigwa kuno mbuzi ndi ng'ombe ndiye banki. Mapira akapsa ndi dzuwa, thonje likagulidwa motchipa, chimene chimagula chimanga ndi kulipira fizi ndi mbuzi. "Mwanambwa ndi mbuzi sizigonera khola limodzi," anatero, akusakaniza Chisena ndi Chichewa monga amachitira akuluakulu akuno. Ndinawachonderera kuti ndi miyezi itatu yokha. Anaseka, nati miyezi itatu ya omanga nyumba amaidziwa, mwana wawo anamanga iyiyi zaka zinayi.

Anavomera pa mfundo zawo. Agalu azimangidwa m'mawa mbuzi zikamatuluka ndi madzulo zikamalowa. Mbale zawo zisayandikire pamtondo. Ndipo tsiku loyamba lomwelo anachita chinthu chomwe ine sindikanachiganiza: anatenga Sikono ndi chingwe n'kukamuika pafupi ndi mbuzi yamkota yomwe inali ndi ana awiri. Sikono anayamba kudumphadumpha mwachibwana. Mbuziyo inabwerera m'mbuyo masitepe awiri, n'kumugunda m'nthiti kamodzi kokha. Kuyambira tsiku limenelo Sikono akaona mbuzi amayang'ana kumbali ngati wakumana ndi apongozi.

Moyo wa pamenepo unali wa tizinthu ting'onoting'ono. Nkhupakupa za ziweto zinkadzaza m'makutu mwa agalu, ndiye Loweruka lililonse ana ankazizula n'kuziponya m'kachitini ka palafini, ndipo kamodzi pamwezi ndinkagula dipi kwa ogulitsa mankhwala a ziweto pamsika wa Ngabu. Chakudya chinali phala la madeya lothira mitu ya makakana ndi mlamba yomwe inkatsala pa geni ya mayi a kunyumba. Agogo sankawaitana maina, onse awiri anali "iwe mwanambwa". M'mudzimo ifenso tinalibe maina. Ukafunsa njira ya kwathu, anthu ankati, "Aja a agalu aja, kwa agogo."

Namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023. Kwa ife a kumtunda anangogwetsa mbali imodzi ya khoma la nyumba yatsopano lomwe linali lisanafoleredwe, ndipo sindingadandaule pamene anthu oposa 600 anataya miyoyo m'chigawo chakummwera, ena ku Nsanje ndi ku East Bank akukhala masiku pamitengo ndi pazulu kudikira boti. Koma madzi ataphwa kunabwera chinthu chomwe sichilembedwa m'malipoti. Agalu a anthu omwe anathawira ku misasa anatsala okha, ndipo anayamba kuyendayenda m'magulu, owonda, akudya ziweto zakufa. Ndinkawaona m'mbali mwa msewu n'kumaganiza za mtengo wa nimu uja.

Mmodzi mwa agalu amenewa analuma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi pamjigo, pakatumba. Omwe anaona anati anali galu wofiirira. Mlekeni ndi wofiirira, monganso theka la agalu a m'boma la Chikwawa. Koma agalu ena ofiirira anali a eni mudzi. Wathu anali wa alendo.

Anabwera chakumadzulo, anyamata asanu ndi mmodzi ali ndi zibonga, bambo a mwanayo ali patsogolo. Sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Chiwewe si matenda ocheza nawo. Kachilombo kake kamalowa ndi malovu a galu, kamayenda m'mitsempha mpaka ku ubongo, ndipo zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, palibe chipatala chomwe chingabweze munthu. Pakati pa omwe amafa nacho pamakhala ana ambiri, chifukwa ndi amene amasewera ndi agalu ndipo amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa. Bambo amene uja akanakhala ine, nanenso ndikanatenga chibonga.

Ine ndinali ndisanatsegule pakamwa pamene agogo anatuluka ndi ndodo yawo n'kuima pakati pa anyamatawo ndi mtengo womwe panamangidwa agalu. Analankhula Chisena chokhachokha, mofulumira, moti zina zinandidutsa. Zomwe ndinamva n'zakuti galuyu anamangidwa ndi manja awo kuyambira m'mawa chifukwa mbuzi ina inali itaswa, ndipo amene akufuna kumupha ayambe wanena kuti iwo ndi abodza. Palibe mnyamata wa m'mudzimo amene akanatha kunena zimenezo kwa munthu amene anawaona akubadwa.

Kenako mayi a kunyumba anatulutsa makadi. Makadi oyamba a katemera anapita ndi madzi a Ana pamodzi ndi masatifiketi anga. Tili ku mdadada kuja, iwo anaumirira kuti agalu akabayidwenso kwa alangizi a ziweto, ine ndikudandaula za ndalama, ndipo makadi atsopanowo anawakutira m'pulasitiki n'kuwasunga m'chikwama chimodzi ndi zitupa zathu za unzika ndi mapepala a puloti. Atawatambasula pamaso pa anyakwawa, omwe anali atafika pomva phokoso, nkhani inasintha. Anyakwawa anaitanitsa mlangizi wa ziweto pafoni, ndipo iye anati agalu athu amangidwe masiku khumi, poti galu amene wapatsira munthu chiwewe sapyola masiku amenewo asanadwale yekha. Anafunsanso chomwe tonse tinaiwala m'chipwirikiticho: kodi bala latsukidwa? Linali lisanatsukidwe, linali litangomangidwa kansalu. Analitsuka ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15 monga ananenera, ndipo m'mawa mwake mwanayo anapita kuchipatala kukayamba jakisoni. Ndalama ya kabaza ndinapereka ine, osati chifukwa cha mlandu. Ali bwino, ali sitandade 3 tsopano, ndipo amabwera kudzasewera ndi Sikono.

Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, chiwewe chimasowa podutsa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha mu 2015, kusonyeza kuti n'zotheka. Koma katemera wa galu amayendera khomo, ndipo munthu wa lendi ya miyezi iwiri khomo alibe. Obaya akabwera, iwe unasamuka dzulo; kumene wapita, anadutsa sabata yatha. Ukapanda kudzikakamiza wekha, galu wako ndi amene amatsala pa 30 aja.

Masiku khumi anatha agalu ali bwinobwino. Miyezi itatu ya agogo inakhala isanu ndi umodzi, kenako isanu ndi inayi, kenako chaka. Nthawi iliyonse ndikapita kukapepesa kuti tiwonjezere, ankangotambasula dzanja n'kunena kuti "takhuta", osafunsa za tsiku. Malata tinagula mu Okutobala 2023, mwamwayi chabe, chifukwa mwezi wotsatira kwacha inagwanso ndi 44 peresenti ndipo tikanachedwa sabata zitatu bwenzi tili kwa agogo mpaka lero. Tinalowa m'nyumba yathu mu Disembala, yopanda pulasitala, mawindo awiri otseka ndi makatoni, koma yomangira simenti kuyambira pamaziko.

Ndinkayembekeza kuti agalu asangalala kuposa tonse. Bwalo lawolawo, lopanda wowerengera anapiye, lopanda loko. Sikono anazolowera tsiku lomwelo, anakumba dzenje pansi pa mtengo wa masawu n'kugonamo. Mlekeni ananunkhiza ngodya zonse zinayi, anadya, anagona pakhonde. M'mawa kunalibe.

Foni inalira cha m'ma 6 koloko. Anali mdzukulu wa agogo, akuti ndilankhule nawo.

"Mwanambwa wanu ali kuno. Wagona pakhomo pa khola."

Ndinapepesa, ndinati ndikubwera pompano ndi chingwe. Ndinakamutenga. Mawa lake anabwereranso, ndi mkuja lomwe. Ndinamumanga sabata yathunthu, ndipo tsiku lomwe ndinamumasula anadya kaye phala lake mwaulemu, n'kutsika kanjira kodutsa m'munda wa mapira osatembenuka. Panopa amagona kwa agogo masiku anayi kapena asanu pasabata, kwathu amabwera ngati munthu wodzaona abale. Nditapita komaliza ndinapeza kambale kadothi pafupi ndi mtondo, pamalo pomwe mbale za agalu zinali zoletsedwa, muli mkute wonyika m'msuzi wa nsomba. Ndinafunsa agogo ngati ndiziwapatsako kangachepe ka madeya.

"Za madeya mlekeni," anatero, ndipo galuyo anadzutsa mutu. "Koma khadi lake lija mundibweretsere, lizikhala kuno. Obaya akabwera amayambira mbali ino."